Golidi wa ku Sardis: Mbiri ya Cigawo ca Lydia mu Ufumu wa Persia

 Madzulo ano tikamba za dziko lina la kale lomwe, dzina lace Lydia. Dzikoli linali ndi golidi wambiri, ndipo linagwidwa ndi mafumu a ku Persia, nilikhala cigawo ca ufumu wao kwa zaka zoposa 200. Pomva mbiriyi sungani funso limodzi m'mtima: kodi mfungulo ya nyumba ya cuma inali m'manja mwa yani, ndipo eni dziko anapindulanji? Zaka zimene tichule ndizo za Kristu asanabadwe, ndipo ziwerengedwa cotsika. Caka ca 546 ciri kale kuposa ca 334.

Lydia linali kumadzulo kwa dziko limene lero lichedwa Turkey. Mzinda wace waukuru unali Sardis, womangidwa patsinde pa phiri la Tmolus. Inu owerenga Buku Lopatulika muudziwa mzindawu, pakuti m'menemo munali umodzi wa mipingo 7 ya m'buku la Cibvumbulutso. Pamwamba pa mzinda panali citunda ca maphompho, ndipo pacitundapo panali linga la mfumu ndi nyumba ya cuma. Kamtsinje kochedwa Pactolus kanali kutsika m'phirimo ndi kupyola pakati pa msika, ndipo mumcenga wace munali pfumbi la golidi.

Anthu a ku Lydia ndiwo anali mwa oyamba padziko lapansi kusula ndalama zodinda. Poyamba anazisula ndi msanganizo wa golidi ndi siliva, koma wolandira ndalama yotere sanali kudziwa kuti golidi alimo wocuruka bwanji. M'masiku a mfumu Croesus, amene analowa ufumu monga caka ca 560, anayamba kusula ndalama za golidi payekha ndi za siliva payekha, zokhala ndi cithunzi ca mkango ndi ng'ombe yamphongo. Mu 1968, m'nthawi yathu ino, anthu a ku America okumba mabwinja anapeza pafupi ndi Pactolus malo amene amisiri anali kuyengera. Anali kusula msanganizowo kufikira upyapyale ngati tsamba, nauyala mumphika mosinthana ndi mcere ndi pfumbi la njerwa, nauika m'ng'anjo nthawi yaitali pamoto wosafika posungunula golidi. Mcere unali kudya siliva ndi kumlowetsa m'njerwa ndi m'mphika, golidi natsala woyera. Siliva uja sanali kumtaya. Anali kumcotsanso m'zotsalazo pozisungunula pamodzi ndi mtobvu. Inu ogwira nchito kung'anjo mudziwa nokha kuti luso lotere silibwera tsiku limodzi.

Kugwa kwa Croesus

Pamene Croesus anali kulemera, kum'mawa kunauka mfumu ya Aperezi, Cyrus, amene m'Buku Lopatulika achedwa Koresi. Croesus anaoloka mtsinje wa Halys kukamenyana naye, koma nkhondo inatha popanda wopambana. Anabwerera kwao, nabalalitsa asilikari ace aganyu, poyesa kuti mdani sadzabwera m'nyengo yozizira. Cyrus anamlondola msanga. Mlembi wa Cigriki, Herodotus, amene atiuza zambiri za mbiriyi, anena kuti Cyrus anaika ngamila patsogolo pa gulu lace, ndipo akavalo a ku Lydia, pomva pfungo la ngamila, anabwerera m'mbuyo. Linga linazingidwa masiku 14. Tsiku lina msilikari wa Cyrus anaona mlonda alikutsika paphompho kukatola cisoti cace cimene cinagwa, nazindikira kuti pamenepo pali pokwerera, ndipo m'mawa mwace anthu anakwera pomwepo. Cotero Sardis unagwa monga caka ca 546. Okumba mabwinja anapeza phulusa la tsiku lomwelo pakhoma la mzinda, pamodzi ndi mafupa a anthu ophedwa ndi cisoti ca citsulo.

Kuyambira pamenepo Lydia linasanduka cigawo, ndipo Aperezi analicha Sparda. Pocoka, Cyrus anagawa nchito pawiri. Linga analipereka kwa Mperezi wochedwa Tabalus, koma kusonkhanitsa golidi wa Croesus anakupereka kwa mwini dziko, dzina lace Pactyes. Mfumu itangotembenuka, Pactyes anatenga golidiyo, nalemba naye asilikari aganyu, nazinga Tabalus m'linga. Cyrus anatuma kazembe wa nkhondo Mazares, ndipo Pactyes anathawa mzinda ndi mzinda kufikira pacisumbu ca Chios. Anthu a pa Chios anamcotsa m'kacisi m'mene anabisala, nampereka kwa Aperezi, ndipo mphotho yao inali cidutswa ca dziko cochedwa Atarneus. Herodotus anena kuti cifukwa ca kupandukako anthu a ku Lydia analetsedwa kusunga zida, nauzidwa kuti aziphunzitsa ana ao kuyimba zeze ndi kucita malonda. Kuyambira pa Pactyes mbiri sichulanso kupanduka kwa mtundu wa Lydia pawokha, ndipo olamulira cigawo amene tidziwa maina ao kufikira kumapeto anali ocokera kwa Aperezi.

Bwanamkubwa ndi kalata ya mfumu

Wolamulira cigawo, amene ife tingamuche bwanamkubwa, anali kukhala m'Sardis ngati mfumu, ndi asilikari ace, alembi ace ndi minda yace. Koma mphamvu yace inali yobwereka. Tamvani za Oroetes, amene analamulira kufikira monga caka ca 520. Munthuyu, poona cipwirikiti cimene cinabuka Darius asanakhazikike paufumu, anadziyesa mwini. Anapha wolamulira mnzace Mitrobates, naphanso mthenga wa mfumu amene anadza ndi mau osamkomera. Anali ndi alonda Aciperezi 1,000, ndipo Darius sanafune kutuma gulu la nkhondo. Anatuma munthu mmodzi, Bagaeus, ndi makalata odindidwa ndi cidindo ca mfumu. Bagaeus anapereka makalatawo limodzi limodzi kwa mlembi kuti awerenge pamaso pa alonda. Ataona kuti alondawo alikulemekeza mau a mfumu, anapereka kalata yowaletsa kulonda Oroetes, ndipo iwo anatula mikondo yao pansi. Pamenepo anapereka yotsiriza, yolamula kuti amuphe, ndipo anasolola malupanga namupha pomwepo. Cuma cace conse ndi akapolo ace zinatengedwa kunka ku Susa, kumzinda wa mfumu.

Darius ndiye anakonza za msonkho. Monga mwa ciwerengero ca Herodotus, anthu a ku Lydia pamodzi ndi a ku Mysia ndi mitundu ina yoyandikana nao anali kupereka matalente 500 a siliva caka ndi caka. Talente imodzi inali yolemera monga makilogramu 30, kotero kuti msonkhowo unali monga matani 15 a siliva. Poyamba Aperezi anapitiriza kusula ndalama zija za mkango ndi ng'ombe m'Sardis momwemo. Koma pofika caka ca 500 Darius anali atacotsa mkango ndi ng'ombe, naikapo cithunzi ca mfumu yogwira uta. Ndalama ya golidi inali yolemera magramu 8 ndi pang'ono, ndipo inali kusinthana ndi ndalama 20 za siliva. Luso linali la ku Lydia, koma cidindo cinali ca mlendo.

Kucokera ku Sardis kunali mseu wa mfumu wofika ku Susa, wa mamailosi oposa 1,500, wokhala ndi zigono 111, ndipo woyenda pansi anali kutha masiku 90. Munthu sanali kulandira phoso m'zigonomo popanda citupa codindidwa ndi mfumu kapena bwanamkubwa. Ticidziwa ici cifukwa ca mapale a dongo zikwi zambiri amene anakumbidwa ku Persepolis mu 1933 ndi 1934, olembedwa ndi akalaliki a boma la Darius. M'menemo muli maina a apaulendo ndi muyeso wa ufa umene analandira, ndipo ena a iwo anasonyeza citupa ca Artaphernes, bwanamkubwa wa ku Sardis.

Pamseu umenewo sipanapite siliva yekha, panapitanso anthu. Darius, pomanga nyumba yace yacifumu ku Susa, analembetsa kumene cinthu ciri conse cinacokera ndi mitundu imene inagwira nchito. Malembowo anena kuti golidi anacokera ku Sardis ndi ku Bactria, ndi kuti anthu a ku Sardis anali mwa osema miyala ndi mwa opala matabwa. Amisiriwo anali ulendo wa miyezi 3 kutali ndi akazi ao ndi ana ao, alikumanga nyumba imene sadzakhalamo. Dzina la mfumu lilipo pamalembowo kufikira lero, koma dzina la mmisiri palibe ngakhale limodzi.

Mzinda upsa, linga litsala

M'caka ca 499 mizinda ya Agriki ya m'mbali mwa nyanja, imene inali pansi pa ulamuliro wa Sardis, inapandukira mfumu, ndipo wotsogolera anali Aristagoras wa ku Miletus. Athens inatumiza zombo 20 kudzathandiza, Eretria 5. M'caka ca 498 anakwera kucokera ku Ephesus, ulendo wa masiku 3, nalowa m'Sardis. Artaphernes, amene anali mbale wace wa Darius, anadzitsekera m'linga ndi asilikari ace. Tsono nyumba zambiri za m'mzinda zinali za bango, ndipo ngakhale za njerwa zinali zofoleredwa ndi bango. Msilikari wina anayatsa imodzi, moto nulumpha nyumba ndi nyumba kufikira mzinda wonse unapsa, pamodzi ndi kacisi wa mulungu wao wamkazi Cybele. Eni mzinda anathamangira kumsika m'mbali mwa Pactolus, ndipo posowa kothawira anamenya nkhondo pamodzi ndi Aperezi. Taonani: ndeu inali ya Agriki ndi mfumu ya ku Persia, koma nyumba zimene zinapsa zinali za anthu a ku Lydia, ndipo cuma ca pacitunda sicinakhudzidwe konse.

Kupandukako kunathetsedwa m'caka ca 494. Caka cotsatira Artaphernes anaitana akuru a mizinda ija, nawakakamiza kuti milandu yao aziweruzitsa m'malo mofunkhana, nayesa minda yao, naika msonkho monga mwa kukula kwa dziko. Msonkho sunacepe kweni kweni, koma tsopano ali yense anadziwa mlingo wace, ndipo unakhala momwemo zaka zambiri. Komabe moto wa ku Sardis unabala nkhondo zazikuru, pakuti Darius anatuma gulu lace kukalanga Athens ndi Eretria, ndipo linagonjetsedwa pa Marathon m'caka ca 490. Mwana wace Xerxes anasonkhanitsa khamu loposa, nagonera m'Sardis nyengo yozizira, nanyamuka m'caka ca 480.

Munthu wolemera ndi ana ace

Mwina mufunsa kuti, nanga olemera a m'dzikomo sanapindule kodi? Anapindula ndithu, koma akuru anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Panali munthu wa ku Lydia, dzina lace Pythius, wokhala ku Celaenae, amene anthu anali kunena kuti pa cuma aposedwa ndi mfumu yokha. Mlembi wina wa pambuyo pace, Plutarch, asimba kuti munthuyu anali ndi migodi ya golidi, ndipo anakakamiza anthu onse a m'mudzi mwace kukumba, kotero kuti ambiri anafa ndi minda inagona. Akazi anakadandaula kwa mkazi wace. Maiyo anauza osula kuti apange mikate ndi ndiwo za golidi, ndipo mwamuna wace pobwera kuulendo ndi njala anamuikira zomwezo. Poyamba anakondwa nazo, koma pofuna cakudya ceni ceni anampatsanso golidi, kufikira anakwiya. Pamenepo mkaziyo anamkumbutsa kuti olima onse ali kumgodi. Kuyambira pomwepo, atero Plutarch, munthu mmodzi yekha mwa 5 ndiye anali kukumba, otsalawo nabwerera kumunda ndi kunchito zao.

Pamene Xerxes anapita pamenepo, Pythius anadyetsa khamu lonse, napereka cuma cace cithandize nkhondo: matalente 2,000 a siliva ndi ndalama za golidi 3,993,000. Mfumu inakana kulandira, nimuonjezera 7,000 kuti zikwane 4,000,000, nimucha bwenzi lace. Koma pocoka khamu ku Sardis, Pythius anacita mantha, napempha kuti mwa ana ace 5 amene anali m'gulu, wamkuru yekha atsale kudzamsunga paukalamba. Xerxes anapsa mtima. Analamula kuti mwanayo adulidwe pakati, mbali ina iikidwe kudzanja lamanja la mseu, ina kulamanzere, ndipo khamu lonse linapita pakati pace. Munthu amene anatha kudyetsa ankhondo onse a mfumu analibe mphamvu yoombola mwana mmodzi.

Golidi amenya nkhondo

Aperezi atalephera kugonjetsa Agriki ndi mikondo, anaona kuti ndalama zikhoza kucita nchitoyo. Pamene Athens ndi Sparta zinali kumenyana, bwanamkubwa Tissaphernes anayamba kulipira zombo za Sparta monga caka ca 412, koma anali kupereka pang'ono pang'ono kuti mbali zonse ziwiri zitope. M'caka ca 407 kunadza ku Sardis mwana wa mfumu, Cyrus wamng'ono, amene anatsegula thumba, nakweza malipiro a opalasa zombo za Sparta, ndipo Athens inagonja m'caka ca 404. Koma cuma comweco cinatembenukira mwini. M'caka ca 401 Cyrus anasonkhanitsa asilikari aganyu Acigriki oposa 10,000, kuti akalande ufumu kwa mkuru wace Artaxerxes. Malipiro ao anali ndalama imodzi ya golidi pamwezi, ndipo atakana kupitirira panjira anawakwezera kufika imodzi ndi theka. Cyrus anaphedwa pa Cunaxa, pafupi ndi Babylon. Tissaphernes anabwerera ku Sardis ndi ulemu, koma m'caka ca 395, Agesilaus mfumu ya Sparta atafunkha cigwa ca Sardis, mfumu inatuma munthu kudzamdula mutu.

M'zaka zonsezi anthu wamba anali kulima, kuumba ndi kusonkha. Aperezi ena anapatsidwa minda yaikuru m'zigwa, nadza ndi milungu yao, ndipo eni dziko anatengera zina za alendowo, monga mapangidwe a mbale zomwera. Koma Aperezi sanaletse milungu ya Lydia kapena cilankhulo cace. Malembo ambiri a cilankhuloco amene atsala ndi a nthawi yomweyi. Okumba mabwinja amene anayamba nchito ku Sardis mu 1910 anapeza mwala wa pamanda wolembedwa m'zilankhulo ziwiri, ca Lydia ndi Ciaramu cimene cinali cilankhulo ca makalata a boma, ndipo mwalawo unathandiza anthu ophunzira kuyamba kumva mau a mtunduwo.

Mbuye watsopano

M'caka ca 334 Alexander wa ku Macedonia anaoloka nyanja, nakomana ndi olamulira Aciperezi pa mtsinje wa Granicus. Bwanamkubwa wotsiriza wa Lydia, Spithridates, anafika kumbuyo kwa Alexander, nasamula lupanga kuti amkanthe, koma Cleitus anamdula mkono, nafera pomwepo. Mkuru wa linga la Sardis, Mithrenes, sanaponye mubvi ndi umodzi womwe. Anaturuka kukacingamira Alexander panjira, napereka linga ndi nyumba ya cuma. Alexander analola anthu a ku Lydia kutsata malamulo a makolo ao, nawacha mfulu. Koma anaika Asander akhale bwanamkubwa, Pausanias asunge linga, ndi Nicias asonkhetse msonkho, ndipo mwa atatuwo munalibe mwini dziko.

Patapita zaka zoposa 300, mlembi Strabo analemba kuti pfumbi la golidi la mu Pactolus linali litatha, ndi kuti cilankhulo ca Lydia sicinali kumvekanso m'dziko lace lomwe, pakuti anthu anali atatengera Cigriki. Lero mabwinja a Sardis ali pafupi ndi mudzi wochedwa Sart.

Tsono tibwerere kufunso lathu lija. Mfungulo ya nyumba ya cuma inacoka kwa Croesus kunka kwa olamulira Aciperezi, ndi kucoka kwa iwo kunka kwa anthu a Alexander. Eni dziko anaigwira kamodzi kokha, m'masiku owerengeka a Pactyes. Sitinganene kuti sanaone cabwino ciri conse, pakuti mseu unabweretsa malonda, mzinda unamangidwanso, ndipo milungu ndi cilankhulo cao zinalekedwa. Koma cimene cinaturuka m'nthaka mwao cinamanga nyumba za ku Susa, cinalipira zombo za Sparta ndi asilikari a Cyrus, ndipo pa zonsezo iwo sanafunsidwe. Golidi atatha mumtsinje, panalibe njira yombwezeramo. Cuma ca m'nthaka cituruka kamodzi, ndipo cifukwa cace nkofunika kudziwa amene alamula za ico pamene cikalipo. Mukambirane zimenezi ndi anzanu pocoka kunchito.